Kumva zining'a za Chingerezi: njira imene ndimaphunzitsa abale kuno ku Harare

Mwana wa achemwali anga anafika kuno ku Harare pa basi yodzera ku Tete ndi pa Nyamapanda, atanyamula chikwama chimodzi ndi satifiketi yake ya MSCE yokulunga m'pepala la pulasitiki. Chingerezi anakhoza bwino lomwe. Pasanathe miyezi iwiri anapeza ntchito yowerengera katundu pa kampani ina ku Graniteside. Ntchito ili m'kati, kumudzi kunagwa zovuta, ndipo mnyamatayo analowa mu ofesi ya abwana kukapempha masabata awiri kuti akaike maliro. Abwanawo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "I'm afraid we'll have to let you go." Iye anathokoza n'kutuluka.

Madzulo tikudya anandiuza nkhope ili yowala kuti, "Amalume, abwana aja ndi munthu ndithu, andilola kuti ndipite." Ndinati, "Tabwereza mawu awo enieni, monga mmene anawanenera." Atabwereza, ndinabweza mbamu ya nsima m'mbale. Ndinasowa pomuyambira, chifukwa mwana woti waferedwa umamuuza bwanji kuti ntchitonso yatha?

Mawu onse a m'chiganizo chija ankawadziwa. "Afraid" ndi mantha, "let" ndi kulola, "go" ndi kupita. Chimene sankadziwa n'chakuti mawuwa akakumana pakamwa pa wolemba ntchito amataya matanthauzo awo n'kusenza lina: takuchotsa ntchito. Mawu otere ndi amene timati zining'a kapena mawu okuluwika. Ana athu amene amaphunzira Chishona kusukulu amawadziwa kuti madimikira, ndipo pa Chingerezi amati "idioms". Kuyambira nthawi imeneyo ndimakhala pansi ndi achinyamata a kutchalitchi kwathu ku Mufakose Loweruka masana, kwaya ikaweruka, kuti tizithandizana pa nkhaniyi. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene taiona kuti imathandizadi.

Azigogo athu anabwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ena Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe n'komwe. Kwa iwo Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza cha m'migodi ndi m'mafamu, chinkakwanira pa ntchito. Ife lero timayankhula Chichewa kunyumba, Chishona mu kombi, Chingerezi mu ofesi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo zimenezi n'zonyaditsa, koma kalata ya ntchito, pangano la lendi ndi mayeso ambiri a ZIMSEC zimabwerabe m'Chingerezi. Ndiye tiyeni tichimve mpaka m'kati mwake.

Choyamba: yambirani pa chiyankhulo chanu

Tengani pepala mulembe zining'a khumi za Chichewa zimene mumanena osaganizira n'komwe. Kupsa mtima. Kutsina khutu. Kuuma manja. Kulemba m'madzi. Kudyera munthu masuku pamutu. Madzi afika m'khosi. Zafika pa mwana wakana phala. Mukatero dzifunseni kuti mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku, akamva mukunena kuti "aneba anditsina khutu", m'maganizo mwake aona chiyani. Iye aona zala ndi khutu lopweteka, pomwe inu mukunena kuti akuuzani mwamseri kuti muchenjere.

Ambiri amafuna kudumpha gawo ili kuti afike msanga pa Chingerezi, koma ine ndimaumirira, chifukwa limachotsa mantha. Munthu amene amamva kuti "agogo atsikira kuli chete" n'kuyamba kulira, osafunsa kuti atsikira kuti, luso lomva zining'a ali nalo kale chibadwire. Chatsala ndi kulisamutsira ku chiyankhulo china basi.

Pa pepala lomwelo muphunzirenso chinthu china. Yesani kusintha liwu limodzi: kupsa chiwindi, kutsina mphuno, kulemba mu tiyi. Chining'a chafa pomwepo. Za Chingerezi nazonso zili chimodzimodzi. Mungasinthe nthawi ndi munthu, monga "he threw in the towel" kapena "they will throw in the towel", koma thaulo likhale thaulo, musaikepo nsalu kapena mpango.

Chachiwiri: zoloweretsani khutu kuzindikira kuti apa pakuluwika

Chining'a chimene mwachizindikira kuti n'chining'a sichingakuvulazeni kwenikweni, ngakhale musanadziwe tanthauzo lake, chifukwa mumaima n'kufunsa. Choopsa ndi chimene chimakudutsani inu n'kumaganiza kuti mwamva. Pali zizindikiro zitatu zimene zimandithandiza.

Choyamba n'chakuti chinthu chatchulidwacho pamalopo palibe. Muli mu ofesi, mulibe mphaka kapena thumba, koma wina akufunsa kuti, "Who let the cat out of the bag?" Akufunsa kuti ndani waulula chinsinsi. Muli pa msonkhano wa makolo, mwakhala pa mabenchi m'kalasi, ahedi akuti, "We are all in the same boat." Bwato palibe, akunena kuti vutoli latigwera tonse.

Chachiwiri ndi ziwalo za thupi. Mukamva dzanja, diso, mwendo, khosi kapena mtima pa nkhani yosakhudza matenda, kawirikawiri pakhala pakuluwika. "Keep an eye on the gate" ndi kuyang'anira geti. "Give me a hand" ndi kupempha thandizo. Nthawi zina zimagwirizana ndi zathu bwinobwino: "lose heart" ndi kutaya mtima, "tight-fisted" ndi kuuma manja. Koma apa ndi pamene pali mbuna. Kwathu kugwira munthu mwendo ndi kumupempha kapena kumupepesa modzichepetsa kwambiri. Pa Chingerezi "I'm pulling your leg" ndi kukunamiza mwanthabwala kuti tiseke. Mwendo ndi womwewo, koma nkhani zake n'zosiyana kutalitali. Musathamangire kunena kuti popeza chiwalo chafanana ndiye kuti tanthauzo lafanananso.

Chachitatu ndi chija chinamudutsa mwana wa achemwali anga: mawu ndi osavuta, koma pali kanthu kamodzi kosakhala bwino. Bwana angaope chiyani kwa mnyamata wowerengera katundu kuti anene kuti "I'm afraid"? Nanga munthu wokulola kupita kumaliro anenerenji kuti "we'll have to", ngati akukakamizika? Liwu likakhala pamalo posayenera, kapena nkhope ya wonenayo ikasiyana ndi zimene mwamvazo, imani kaye.

Khutu limazolowera ndi masewera apafupi. Mukudikira kombi ku Copacabana, yang'anani mitu ya nkhani ya The Herald, NewsDay kapena H-Metro pamene ogulitsa ayala nyuzipepala zawo. Atolankhani amakonda zining'a chifukwa n'zachidule. Mudzaona "under fire", kutanthauza kuti munthu akudzudzulidwa kwambiri. "Up in arms", anthu akwiya ndipo akutsutsa. "Green light", chilolezo chaperekedwa. "Faces the axe", watsala pang'ono kuchotsedwa. Tsiku lililonse pezanipo chimodzi.

Chachitatu: ganizirani nokha musanatsegule buku

Dzifunseni mafunso atatu. Akunena ndani, kwa ndani? Zanenedwa pambuyo pa chiyani? N'zokoma kapena n'zowawa? Mnzanu wa kuntchito wabwera mu Januwale atanyamula majumbo a yunifolomu ndi nsapato za ana, akupukusa mutu n'kunena kuti, "These cost me an arm and a leg." Manja ndi miyendo yake ili yonse, mwezi ndi wotsegulira sukulu, nkhope ndi yodandaula. Mwapeza kale kuti zamudyera ndalama zambiri. Wina waimba foni m'mawa mawu ali osasa, akuti, "I'm a bit under the weather." Sakunena za mitambo, sakupeza bwino m'thupi. Simufunika kulasa tanthauzo ndendende. Mukangodziwa mbali imene likulowera, kukambirana kumapitirira, ndipo zimene mwadzipezera nokha siziiwalika msanga.

Chachinayi: fufuzani kumudzi kwa chining'acho

Apa ndi pamene ndimakonda kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ntchito imapepuka. Zining'a zathu zinabadwira kumunda, kumtondo, kumtsinje ndi pabwalo la milandu, n'chifukwa chake muli masuku, phala ndi madzi. Za Angerezi zinabadwira m'moyo wawo: m'tchalitchi, m'masewera, pa sitima za panyanja ndi m'mabuku a ndalama. Mukadziwa mudzi umene chining'a chachokera, abale ake mumawazindikira mosavuta.

Yambani ndi Baibulo, chifukwa ife amene tinakulira ku Sande sukulu nkhani zake tili nazo kale m'mutu. Baibulo la Chingerezi la King James linatuluka mu 1611, ndipo linawerengedwa m'matchalitchi mlungu ndi mlungu mpaka mawu ake analowa m'kamwa mwa anthu, ngakhale amene sapemphera. Munthu akati "I wash my hands of this matter", kumbukirani Pilato pa Mateyu 27:24. Akunena kuti wachotsamo dzanja lake, zotsatira zake asamuwerengere. "The writing is on the wall" ndi nkhani ya pa Danieli 5, pamene dzanja linalemba pakhoma pa phwando la mfumu Belisazara, ndipo usiku womwewo mfumuyo inaphedwa. Mukamva anzanu akunong'onezana mawu amenewa ponena za kampani yanu, akutanthauza kuti zizindikiro zaoneka kale zoti ikugwa, ndipo ndi nthawi yoyamba kusaka kwina. "Go the extra mile", mawu amene amakonda kupezeka m'zidziwitso za ntchito, achokera pa Mateyu 5:41, pa za wokukakamiza kuyenda naye mtunda umodzi iwe n'kuyenda iwiri. Akufuna munthu wochita zoposa zimene wauzidwa. "Scapegoat" ndi mbuzi ya pa Levitiko 16 imene ankaisenzetsa machimo a anthu n'kuipirikitsira kuchipululu, ndiye kuti munthu amene amukankhira mlandu wa gulu. Ndipo "by the skin of my teeth", mawu a pa Yobu 19:20, ndi chimodzimodzi ndi kwathu kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Kenako masewera. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mpira la Rufaro, Dynamos ikulimbana ndi CAPS United amadziwa kupweteka kwa chigoli chodzimwetsa wekha, ndiye "that was an own goal" sichingamuvute: munthu wadzipweteka yekha ndi zochita zake. "They keep moving the goalposts" ndi kusuntha mitengo ya golo masewera ali m'kati, monga mwininyumba amene mwagwirizana naye lendi, mawa n'kuwonjezera za madzi, mkuja za zinyalala. Ku nkhonya, wothandizira akaona kuti munthu wake wathedwa amaponya thaulo m'bwalo kuti nkhonya ithe, choncho "throw in the towel" ndi kugonja. Kumenya pansi pa lamba n'koletsedwa, ndiye "below the belt" ndi mawu olasa mopanda chilungamo, monga kunyoza munthu ndi umphawi wa makolo ake pa mkangano wa ntchito. "The ball is in your court" ndi ya ku tenisi: mpira uli mbali yanu, wotsala kuchitapo kanthu ndinu.

Kuno ku Harare tilinso ndi kiriketi, imene abale a ku Malawi ambiri sanaizolowere, koma imaseweredwa pa Harare Sports Club ndi m'masukulu, ndipo zining'a zake zimamveka. Womenya akamenyera mpira kunja kwa bwalo usanagunde pansi amapata zigoli zisanu ndi chimodzi, ndiye "the news hit me for six" ndi kuti uthengawo unandifoola nkhongono. "Innings" ndi nthawi imene womenya amakhala pabwalo asanatulutsidwe. Ndinamvapo mkulu wina pa maliro a agogo a zaka zoposa 90 akuuza ana awo kuti, "He had a good innings." Mmodzi mwa adzukulu anakwinya nkhope, kuganiza kuti akukamba za masewera pa siwa. Chonsecho mkuluyo ankatonthoza, kunena kuti malemuwo apita atakhuta masiku.

Britain ndi chilumba, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu ake ankayenda ndi sitima za matanga zokhala ndi zingwe zambirimbiri, chilichonse ndi ntchito yake. Wobwera kumene ankayenera kuzidziwa zonse. N'chifukwa chake tsiku loyamba pa ntchito angakuuzeni kuti, "She will show you the ropes", kutanthauza kuti akuonetsani kayendetsedwe ka ntchito. "All hands on deck" ndi kuitana amalinyero onse pamwamba pa sitima zinthu zikavuta, ndiye mu shopu kumapeto kwa mwezi mawuwa akutanthauza kuti aliyense agwire ntchito, palibe wopuma. "Don't rock the boat" ndi kuti usayambitse chisokonezo pamene pali bata.

Za ndalama ndingotchula zitatu. Akale a maakaunti ankalemba zotayika ndi inki yofiira, ndiye "in the red" ndi kukhala m'ngongole kapena kuluza. "Make ends meet" ndi kukwanitsa movutikira kuti ndalama ifike kumapeto kwa mwezi. "We must tighten our belts" akanena abwana, konzekani, pali zimene zidulidwe.

Zilipo zina zimene ngakhale muziyang'ane motani chithunzi chake sichikuuzani kanthu, monga "kick the bucket", kumwalira, kapena "raining cats and dogs", mvula yamphamvu. Zimenezo ingozilowezani mmene zilili, musataye nthawi ndi nthano za pa intaneti zofotokoza chiyambi chake. Ndinenenso maganizo anga: amphaka ndi agalu amenewa aphunzitsi amawakonda kwambiri, koma m'moyo weniweni simudzawamva kawirikawiri. Mphamvu zanu ziikeni pa magawo awiri otsatirawa.

Chachisanu: samalani timawu tating'onoting'ono

Ife timasintha tanthauzo powonjezera kumchira kwa liwu: kugwa, kugwera, kugwetsa. Angerezi amaika kaliwu kena pambuyo pake, monga "up", "off", "out", "down", ndipo tanthauzo limatembenukiratu. "Put" ndi kuika, koma "put off" ndi kukankhira tsiku lina, "put out" ndi kuzimitsa moto, "put up with" ndi kupirira munthu kapena chinthu chotopetsa. "Turn up" ndi kufika, "turn down" ndi kukana pempho. "Call off" ndi kulephereketsa msonkhano. "Knock off" ndi kuweruka, pamene "lay off" ndi kuchotsa antchito chifukwa ntchito yachepa, awiriwa musawasokoneze. Wogwira ntchito ya m'munda ku Borrowdale kapena ku Mount Pleasant adzamva kuti "the pump has packed up", ndipo palibe amene walongedza katundu, pampu ya pa mjigo yafa. Timawuti musatiloweze pa mndandanda wautali. Tisonkhanitseni malinga ndi malo: ta kuntchito patokha, ta kuchipatala patokha, ta galimoto patokha.

Chachisanu ndi chimodzi: mawu aulemu obisa nkhani yowawa

Mukaiwala zina zonse, gawo ili lokha musaliiwale, chifukwa ndi limene limadyetsa kapena kugonetsa ndi njala. Ife Achewa siziyenera kutidabwitsa. Nafenso sitikana munthu pamaso, timati "tiona" kapena "ndiganizepo kaye". Imfa timaitcha zovuta, womwalira timati watisiya. Chingerezi cha mu ofesi nachonso chimazungulira chomwecho, makamaka pa nkhani zowawa.

"I'm afraid" kumayambiriro kwa chiganizo ndi chenjezo lakuti zikubwerazo si zabwino. "Can I have a word?" si liwu limodzi, abwana akufuna kukuonani panokha, ndipo nthawi zambiri pali cholakwika. "You might want to look at this again" imamveka ngati mwapatsidwa ufulu wosankha, koma ndi lamulo: mwalakwitsa, konzani. "Pull up your socks" ndi kuti limbikirani, ntchito yanu yatsika. "You're on thin ice" ndi kuti mukangolakwanso kamodzi zanu zada. "With all due respect" ndi mawu amene munthu amatsogoza akafuna kukutsutsani kotheratu. Pambuyo pa intavyu, "we'll get back to you" ndi "we'll keep your CV on file" si lonjezo. Nthawi zina amaimbadi, koma musakhale pakhomo kudikira foni, pitirizani kuponya makalata kwina. "I'll see what I can do" ndi "tiona" wathu uja. Kuchipatala, dokotala akati "he didn't make it" ndiye kuti wodwala watisiya.

Zilinso zina zotembenuka, zomveka zozizira chonsecho n'zoyamikira. "Not bad at all" ndi kuti mwachita bwino ndithu.

Lamulo limene ndimawauza achinyamata ndi ili: nkhani ikakhudza ntchito, malipiro, lendi, matenda kapena mlandu, musatuluke m'chipindamo musanaibwereze m'mawu osavuta. Nenani kuti, "Sorry, do you mean I still have my job?" kapena "So what must I do, and by when?" Ngati ndi za kuchotsedwa ntchito kapena za ndalama, pemphani kuti akulembereni pa pepala. Si mwano umenewo. Mwana wa achemwali anga akanafunsa funso limodzi lokha m'mawa uja, akanakhala ndi mpata wochonderera kapena wopempha masiku ochepa m'malo mwa masabata awiri.

Chachisanu ndi chiwiri: funsani, kenako tsimikizani m'dikishonale

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Manyazi ndi amene amatipweteka, timagwedeza mutu kuti tioneke omva. Chonsecho anthu ambiri amasangalala kufotokoza chining'a cha chiyankhulo chawo, monga mmene inu mumasangalalira Mshona akakufunsani za mwana wakana phala. Ngati pagulu pakukuvutani, sungani mawuwo m'mutu kapena muwalembe pa foni, mukafunse mnzanu pa nthawi ya chakudya kapena mwana wa Fomu 4 kunyumba.

Pofufuza m'dikishonale musayambire pa liwu loyamba la chiganizo. Sankhani liwu lolemera, nthawi zambiri dzina la chinthu. Pa "let the cat out of the bag" yang'anani pa "cat", mukalephera yesani pa "bag". Mu Oxford Advanced Learner's Dictionary zining'a zimakhala kumapeto kwa matanthauzo a liwulo, pansi pa chizindikiro cha IDM. Buku limeneli limapezeka kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya m'tauni, ndipo ku Harare City Library mungakhale pansi n'kuwerenga madikishonale. Pa foni, Cambridge Dictionary ndi yaulere, mumangolipira bandulo. Lembani chining'a chonse n'kuwonjezera liwu lakuti "meaning".

Mukapeza tanthauzo musatseke msanga. Werengani timawu tolembedwa pambali: "informal" ndi za pocheza, "old-fashioned" ndi zachikale, "humorous" ndi zanthabwala, "offensive" ndi zotukwana. "Pass away" ndi "kick the bucket" zonse ndi kumwalira, koma yachiwiriyo mukainena pa siwa mwanyoza anamfedwa. Makina omasulira a pa foni samalani nawo. Pa ziyankhulo zathu amakonda kumasulira liwu ndi liwu, ndiye angakupatseni mphaka ndi thumba basi.

Chachisanu ndi chitatu: sungani kope lanulanu

Gulani kope laling'ono lokwana m'thumba. Chining'a chilichonse chikhale ndi zinthu zinayi: chiganizo chonse monga munachimvera, amene ananena ndi malo ake, tanthauzo m'Chichewa, ndi chining'a chathu chofanana nacho ngati chilipo. Pa "stop beating about the bush" mulembe kuti: anatero akapitawo kwa dalaiva amene anachedwa, kutanthauza kuti leka kupita m'mbali. Zitatu pa sabata n'zokwanira. Mindandanda ya zining'a mazana imene imayenda pa WhatsApp imakopa maso, koma chining'a chopanda nkhope ya amene anachinena sichikhala m'mutu.

M'kope lomwelo patulani masamba a Chingerezi cha kuno kwathu, chifukwa nachonso chili ndi zining'a zake, ndipo amene akupita ku Britain ayenera kuzidziwa kuti n'zathu zokha. Kuno munthu akati "my father is late" tonse timamva kuti bambo ake anamwalira. Ku London adzamva kuti achedwa, ndipo angakufunseni kuti afika nthawi yanji. Kumeneko nenani kuti "my late father" kapena "my father passed away". Kuno ndi ku Johannesburg "just now" ndi nthawi ina kutsogoloku, "now now" ndi posachedwa, pamene ku Britain "just now" ndi zimene zangochitika kumene kapena zapanopa. "I'm coming" wathu, amene timanena tikutuluka, ndi "ndikubwera" wa Chichewa atavala Chingerezi. Kwina nenani kuti "I'll be back". Nyuzipepala zathu zimakonda "in hot soup", pamene Angerezi amati "in hot water". Chingerezi chathuchi si cholakwika, ndi cha pamalo ake.

Chomaliza: fulumirani kumva, chedwani kunena

Chining'a musachitulutse pakamwa musanachimve katatu kwa anthu osiyana, kuti mudziwe malo ake ndi msinkhu wa anthu ochinena. Yambani ndi zofatsa zosapweteka munthu, monga "give me a hand", "keep an eye on" ndi "so far, so good". M'kalata yofunsira ntchito kapena yopita ku ofesi ya boma lembani mawu olunjika. Pa chimangirizo cha mayeso chining'a chimodzi choikidwa pamalo ake chimaposa khumi zothithikizana. Kwa apongozi, abusa ndi abwana musayesere chining'a chimene mwaphunzira dzulo. Ndipo zathu musazimasulire liwu ndi liwu. Mukauza mzungu kuti wina wakudyerani masuku pamutu m'mawu a Chingerezi, adzasokonezeka monga mmene inu mumasokonezekera ndi zawo.

Poyeserera pabwino ndi pagulu la anthu odziwana. Ife Loweruka aliyense amabwera ndi zitatu za m'kope lake. Amawerenga chiganizo, amafotokoza amene ananena ndi mmene nkhope yake inalili, enafe timaganizira, kenako timatsegula dikishonale, pomaliza awiri amaimirira n'kuchita kasewero kogwiritsa ntchito mawuwo. Tsiku lina mtsikana wina wa ku Dzivarasekwa anabwera ndi mawu amene mayi wina anamuuza atamufotokozera za ntchito ya m'nyumba yogonera komweko: "Sleep on it and tell me on Monday." Iye ankaganiza kuti amuuza kuti akagone kumeneko Lolemba, ndipo anali atayamba kale kuchapa zovala zoti anyamule. Tinamufunsa kuti chimene agonerepocho n'chiyani, popeza panalibe mphasa kapena bedi limene linatchulidwa. Anakhala chete, kenako yekha anati, "Ndiye kuti ndigone nayo nkhaniyo, ndiganize kaye?" Tinatsegula buku, n'kupeza kuti walasa. Masana omwewo tinamuthandiza kulemba mafunso atatu oti akafunse Lolemba asanavomere: malipiro ndi angati, tsiku lopuma ndi liti, ndipo akadwala kapena kukagwa zovuta kumudzi zidzayenda bwanji.